Mphamvu imeneyi mwaitenga pati? Mafunso ndi mayankho pa za malamulo kwa ife okhala mu Harare

Mafunso ali m'munsimu ndi omwe amabwera mobwerezabwereza tikakhala pansi a sosaite yathu ya maliro, Lamulungu masana tikaweruka ku mapemphero, kapena pa siwa usiku kwaya ikapumira. Ofunsa ambiri ndi ana ndi adzukulu a matchona, anthu amene makolo awo anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ena ku Chipata ndi ku Tete, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu, mpaka kukhazikika ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara. Ine ndine mlembi chabe wa sosaiteyo, si loya ayi. Koma kuperekeza amasiye m'maofesi chaka ndi chaka kwandikakamiza kuwerenga.

Akamati dongosolo la malamulo amatanthauza chiyani? Si apolisi ndi ndende basi?

Apolisi ndi ndende ndi kumchira, achimwene. Kumutu kuli mafunso atatu: ndani ali ndi mphamvu yopanga lamulo, malamulo awiri akawombana lopambana ndi liti, ndipo anthu akakangana womaliza kulankhula ndani. Dziko limene layankha mafunso amenewa, maofesi ake n'kumatsatadi mayankhowo, ndiye kuti lili ndi dongosolo la malamulo.

Kwa ife izi si zachilendo. Kumudzi mkangano wa malire a munda suyambira kwa mfumu yaikulu. Umayamba pa banja, upita kwa nyakwawa, ukakanika ukwera kwa gulupu, ndipo gulupu akagamula nyakwawa sangadzuke mawa n'kufafaniza. Nyakwawayonso ufumu sanautole panjira, alipo amene anamulonga. Boma ndi chimodzimodzi, kungoti makwerero ake ndi olembedwa.

Tengani mayi wogulitsa tomato kunja kwa Mbare Musika amene wapolisi wa khonsolo wamulanda dengu. Wapolisiyo ati akutsata lamulo la khonsolo. Khonsolo inapatsidwa mphamvu yopanga timalamulo take ndi Urban Councils Act. Lamulo limenelo linapangidwa ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo Nyumbayo mphamvu zake imazitenga m'malamulo aakulu a dziko. Unyolo umenewu ukaduka pena pake, chimene chachitika pa msikapo si lamulonso koma kulanda wamba. Katswiri wina wa ku Austria, Hans Kelsen, anatchuka pofotokoza kuti lamulo lililonse limayamwa mphamvu ku lamulo la pamwamba pake. Ine anzanga ndimangowaphunzitsa funso limodzi, lofunsa mwaulemu koma mopanda mantha: "Bwana, mphamvu imeneyi mwaitenga pati?"

Nanga makwererowo ali motani kuno ku Zimbabwe?

Pamwamba pali malamulo aakulu a dziko, amene anthu anawavomereza pa referendamu ya pa 16 Malichi 2013, kulowa m'malo mwa aja a ku Lancaster House amene dziko linalandira nawo ufulu mu 1980. Gawo 2 likunena mosapsatira kuti lamulo, mwambo kapena mchitidwe uliwonse wosemphana ndi malamulo aakuluwa ulibe mphamvu pamene pasemphanapo. Mawu oti mwambowo muwasunge, tiwafunanso kutsogoloku.

Pansi pake pali malamulo a Nyumba ya Malamulo, imene ili ndi zipinda ziwiri, National Assembly ndi Senate, ndipo masiku ano imakumana ku Mount Hampden. Mu Senate muli mipando 18 ya mafumu. Bilu ikadutsa ku Nyumba, Pulezidenti amaisaina, kenako imasindikizidwa mu Gazette, nyuzipepala ya boma yolengezera malamulo. Kutsika apo tipeza ma SI (Statutory Instruments), malamulo ang'onoang'ono amene amatulutsidwa ndi nduna, ndi timalamulo ta makhonsolo. Pambali pa zolembedwazi pakuyenda mitsinje iwiri yakale, common law ndi malamulo a chikhalidwe. Lamulo la Nyumba likalankhula momveka pa nkhani inayake, mitsinje iwiriyi imapatuka.

Malamulo aakulu amasinthika, koma osati ngati bilu wamba. Pamafunika mavoti a magawo awiri mwa atatu m'chipinda chilichonse, ndipo mutu wonena za maufulu a anthu umafunanso referendamu. Anasinthidwapo kale mu 2017 ndi mu 2021.

Ndinamva kuti Chichewa chinalembedwa m'malamulo aakuluwo. Ndi zoona kapena ndi za pa mowa?

Ndi zoona. Gawo 6 likutchula ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma, ndipo chifukwa anazindandalika motsata zilembo, Chewa ndicho choyamba pa mndandanda, patsogolo pa Chingelezi, Chishona ndi Chindebele. Gawo 70 likupereka kwa munthu woimbidwa mlandu ufulu woti zonse zokambidwa m'khoti zimasuliridwe m'chiyankhulo chimene akumva.

Vuto ndi lathu lomwe. Tinakula tikubisa lilime poopa kutchedwa mabhurandaya, dzina lonyoza anthu ochokera ku Malawi, ndiye gogo amene Chishona chake ndi cha pa msika amangovomera "hongu" (inde) pamaso pa majisitireti pomwe theka la zofunsidwazo lamudutsa. Mawu amodzi omva molakwa m'khoti akhoza kudya nyumba. Pemphani womasulira mlandu usanayambe.

Malawi ndi Zimbabwe onse anali pansi pa Angelezi, mpaka anakhalapo m'chitaganya chimodzi. Bwanji malamulo awo akusiyana?

Chifukwa atsamunda analowera zipata zosiyana. Ku Nyasaland analowa molunjika kuchokera ku London, ndipo lamulo la mu 1902 linabweretsa malamulo a ku England. Kuno anthu a mtsamunda Cecil Rhodes anakwera kuchokera kumwera, ndipo zinakhazikitsidwa kuti dziko lino lizitsata malamulo amene ankagwira ntchito ku Cape pa 10 Juni 1891. Ku Cape kumeneko Adatchi anali atakhazikika kuyambira 1652, ndi malamulo awo ochokera kwa Aroma akale osakanizika ndi miyambo ya ku Holland. Ndiye chifukwa chake mumva maloya a kuno akunena za Roman-Dutch, n'kumatchula Grotius ndi Voet, akatswiri a malamulo a ku Holland amene anamwalira zaka mazana angapo zapitazo asanaoneko mtsinje wa Mukuvisi wa mu Harare muno. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha 1953 mpaka 1963, sichinasungunule maziko amenewa.

Komabe kayendetsedwe ka khoti, mikanjo ya majaji ndi chizolowezi choti chigamulo cha khoti lapamwamba chimamanga makhoti a pansi, zimenezi kuno anatengera kwa Angelezi. Zimbabwe ndi mphika wa ndiwo ziwiri, zitatu tikawerengera chikhalidwe. Abale a ku Tete ali m'banja lina kotheratu: ku Mozambique anatengera Apwitikizi, kumene malamulo amaunjikidwa m'mabuku akuluakulu ndipo woweruza amayamba watsegula bukulo asanayang'ane zimene anzake anagamula kale.

Choncho malangizo a msuweni wanu wa ku Lilongwe pa nkhani ya lendi kapena ngongole amveni mwaulemu, koma musapite nawo ku khoti la kuno.

Common law ndiye chiyani, poti simunati imapangidwa ndi aphungu?

Ndi mfundo zakale zimene majaji akhala akuzigwiritsa ntchito ndi kuzisula mlandu ndi mlandu. Zimagona phee mpaka tsiku limene wina wazidzutsa. Amene munali pa ntchito mu 2015 mukukumbuka. Pa 17 Julayi chaka chimenecho Supreme Court inagamula mlandu wa Nyamande ndi mnzake wotsutsana ndi kampani ya Zuva Petroleum, kuti pansi pa common law bwana akhoza kuthetsa ntchito ya munthu pongomupatsa notisi, chifukwa lamulo la ntchito lolembedwa silinachotse ufulu umenewo. M'masabata ochepa anthu zikwizikwi analandira makalata a miyezi itatu. Ndiye Nyumba ya Malamulo inathamanga, mu Ogasiti momwemo n'kusintha Labour Act kuti itseke mpatawo.

M'nkhani imodziyi mukuona makina onse akuzungulira. Khoti lanena mmene lamulo lilili, aphungu aona kuti likupweteka anthu, alisintha, ndipo kuyambira pamenepo khoti liyenera kutsata chatsopanocho.

Ma SI timangowamva pa wailesi usiku, m'mawa zinthu zasintha. Amenewa ndi malamulo enieni?

Ndi enieni ndithu, ndipo amaluma. Aphungu sangakhale pansi kukambirana mtengo wa laisensi iliyonse, ndiye amabwereka mphamvu kwa nduna. Gawo 134 la malamulo aakulu likuika malire: lamulo lobwereketsa mphamvulo linene poyera cholinga ndi malire ake, SI isaphwanye maufulu a anthu, isapyole lamulo limene laibereka, ndipo isindikizidwe mu Gazette. Palinso lamulo lolola Pulezidenti kutulutsa malamulo apangozi okhala miyezi isanu ndi umodzi.

Amene anakongoza mnzake madola a ku America sadzaiwala SI 33 ya mu Febuluwale 2019, imene inati ngongole zakale ziwerengedwe m'ndalama ya kuno ya nthawiyo yotchedwa RTGS, dola imodzi pa dola imodzi. Mu Januwale 2020, pa mlandu wa Zambezi Gas, Supreme Court inavomereza kuti ndi mmenedi lamulolo likunenera. Sosaite yathu inali ndi ndalama za mabokosi ku banki nthawi imeneyo, ndipo zimene tinatapako sizikanagula ndi chivundikiro chomwe. Maganizo anga ndi akuti nkhani yokhudza thumba la munthu aliyense m'dziko imayenera kukambidwa masana m'Nyumba ya Malamulo, osati kutulukira m'Gazette anthu ali mtulo. Koma kudana ndi lamulo ndi kwina, kunena kuti kulibe ndi kwinanso.

Makhoti alipo angati, ndipo ine ndigogode khomo liti?

Gawo 162 likuwatchula: Constitutional Court, Supreme Court, High Court, Labour Court, Administrative Court, makhoti a majisitireti, ndi mabwalo a chikhalidwe. Ambirife khomo lathu ndi la majisitireti, ku Rotten Row kapena ku Mbare. Kumeneko ndiko kumapita milandu ya kuba, kumenyana, ngongole zapakatikati, ndalama zosamalira ana, ndi chitetezo kwa amene akuzunzidwa m'banja. Palinso Small Claims Court ya tingongole ting'onoting'ono.

High Court, imene mu Harare ili mumsewu wa Samora Machel, imamva milandu ikuluikulu monga ya kupha, komanso apilo yochokera kwa majisitireti. Ilinso ku Bulawayo, Masvingo, Mutare ndi Chinhoyi. Supreme Court ntchito yake ndi ya apilo, simupitako ndi mboni kukayambiranso nkhani. Constitutional Court ndiyo yomaliza pa nkhani za malamulo aakulu. Apa pali kusiyana ndi kumudzi: ku Malawi kulibe khoti lapadera lotere lokhala nthawi zonse, amangosankha majaji angapo a High Court kuti akhale pamodzi, ndipo chigamulo chawo chikhoza kupita pa apilo ku Supreme Court of Appeal.

Apilo ili ndi masiku ake owerengeka. Timati mlandu suola, koma apilo imaola. Funsani kalaliki wa khoti tsiku lomwelo la chigamulo.

Mwambo wathu wa Chichewa, wa ankhoswe ndi mbumba, khoti la kuno limaudziwa?

Funso ili ndi limene limatichedwetsa kwambiri pa misonkhano, chifukwa yankho lake ndi inde ndi ayi.

Malamulo a chikhalidwe ndi gawo lovomerezeka la malamulo a Zimbabwe, koma pa milandu ya pakati pa anthu yokha, monga ukwati, chiwongo, kulipitsana ndi chuma chamasiye. Lamulo lotchedwa Customary Law and Local Courts Act limati khoti ligwiritse ntchito chikhalidwe ngati okanganawo anagwirizana choncho, kapena ngati mtundu wa nkhaniyo ndi makhalidwe a anthuwo zikuonetsa kuti ndicho choyenera. Likutinso ngati awiriwo ndi a miyambo yosiyana, khoti liyang'ane mwambo umene anapangana, apo ayi umene uli pafupi kwambiri ndi nkhaniyo. Ndiye khomo silotseka.

Koma talingalirani mmene zimakhalira. Kwathu ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, mwamuna amapita chikamwini, ndipo ukwati umaima pa ankhoswe. Kwa eni dziko kuno ana amatsata bambo ndi mutupo wake, ukwati umaima pa roora, chiwongo cha Chishona. Majisitireti amene anakulira ku Murehwa kapena ku Gutu, akamva mawu oti chikhalidwe, m'mutu mwake mumabwera ng'ombe, osati ankhoswe. Amene akufuna kudalira mwambo wa Chichewa ayenera kubweretsa akuluakulu odziwa kudzaufotokoza ngati umboni. Ndiponso tinene zoona, mabanja athu ambiri mu Harare anasakaniza kale. Mnyamata wa ku Mufakose amalipa roora kwa apongozi ake a Chishona, mlongo wake akukwatiwa malume n'kulipitsanso ng'ombe zimene agogo ku Dedza sanazimvepo. Tsiku la mkangano aliyense amathamangira mwambo umene ukumukomera.

Pamwamba pa zonsezi pali gawo 2 lija. Kale sizinali choncho. Mu 1999, pa mlandu wa Magaya, Supreme Court inagamula kuti Venia Magaya, mwana woyamba wa malemu bambo ake, sangalowe chuma chifukwa ndi wamkazi, ndipo chinapita kwa mchimwene wake wamng'ono wa mayi ena. Malamulo aakulu a nthawi imeneyo ankatchinjiriza chikhalidwe ku mfundo yoletsa tsankho. A 2013 anatembenuza zimenezo: gawo 80 likuti miyambo yonse yophwanya ufulu wa amayi ilibe mphamvu. Mwambo uli ndi mpando m'khoti, koma mpando wake ndi wam'munsi.

Amuna anga amwalira. Abale awo abwera kuchokera kumudzi akuti nyumba ya ku Highfield ndi ya mbumba yawo. Nditani?

Pepani mayi. Choyamba, musatuluke m'nyumbamo, ndipo mapepala a nyumba musapereke kwa wina aliyense, ngakhale atsibweni a malemu. Nyumba ili mu Harare imaweruzidwa ndi malamulo a Zimbabwe, kaya mwini wake anabadwira kuti.

Chuma chamasiye chimalembetsedwa ku ofesi ya Master of the High Court. Kumeneko amaitanitsa msonkhano wa abale kuti pasankhidwe woyendetsa chumacho, ndipo munthu ameneyo si mwini chuma, ndi wantchito wa amasiye. Kuyambira mu 1997, pamene Administration of Estates Act inasinthidwa, ngati malemu sanasiye wilo, mkazi kapena mwamuna wotsala ndiye amatenga nyumba imene ankakhalamo pa nthawi ya imfa pamodzi ndi katundu wa m'nyumba, ngakhale ukwati unali wa chikhalidwe. Ana, aamuna ndi aakazi omwe, amagawana nawo zotsalazo. Kuthamangitsa wamasiye kapena kunyamula katundu maliro asanazizire ndi mlandu pansi pa Deceased Persons Family Maintenance Act. Alamu anuwo muwauze mofatsa kuti ngakhale kwawo ku Malawi lamulo la mu 2011 la chuma chamasiye linaletsa kulanda kotereku.

Pakakhala wilo nkhani imasintha. Mu Disembala 2020, pa mlandu wa Chigwada, Supreme Court inati munthu ali ndi ufulu wosiyira chuma chake amene wamufuna, ngakhale kumudumpha mkazi wake. Ndiye amayi amene munathira nawo thukuta pa nyumba, onetsetsani kuti dzina lanu lili pa mapepala amuna anu adakali moyo. Kukamba zimenezi si kuitana imfa.

Ndinabadwira ku Mbare, sindinapondeko ku Malawi, koma chitupa changa chinalembedwa kuti ndine mlendo. Malamulo akuti chiyani?

Bala ili ndi la ambiri. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu obadwira kuno amene makolo awo anachokera kunja anauzidwa kuti akakane unzika wa dziko limene ambiri sanalionepo, ndipo ochuluka anagwa pa kaundula wa mavoti. Gawo 43 la malamulo a 2013 linakonza zimenezi. Ngati munabadwira mu Zimbabwe tsiku la 22 Meyi 2013 lisanafike, kholo lanu limodzi kapena onse anali nzika ya dziko la mu SADC, monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo pa tsikulo munkakhala kuno, ndinu nzika mwa kubadwa. Si chifundo cha kalaliki, ndi ufulu wanu.

Mu 2013 momwemo, pa mlandu wa Mutumwa Mawere, Constitutional Court inanena kuti nzika mwa kubadwa siikakamizidwa kutaya unzika wa dziko lina. Malawi nayo inasintha lamulo lake mu 2018 kuti ilole unzika wa mayiko awiri.

Chitupa sichidzisintha chokha. Muyenera kupita ku ofesi ya kalembera ndi setifiketi yanu ya kubadwa ndi mapepala alionse a makolo. Ine ndinaperekezapo bambo wina amene anabwezedwa katatu, ulendo uliwonse akumuuza pepala lina. Ulendo wachinayi tinanyamula gawo 43 litasindikizidwa pa pepala, tinapempha kuonana ndi wamkulu wa pamalopo, ndipo nkhani inatha tsiku lomwelo. Lamulo la m'munsi kapena chizolowezi cha pa windo sichingapose malamulo aakulu, koma pamafunika wina woti akumbutse.

Kodi lamulo loti aphungu analipanga likhoza kufa?

Likhoza. Loveness Mudzuru ndi Ruvimbo Tsopodzi, amayi awiri amene anakwatiwa ali ana, anapita ku Constitutional Court kukatsutsa lamulo la ukwati limene linkalola mtsikana wa zaka 16 kukwatiwa. Pa 20 Januwale 2016 khotilo linagamula kuti ndimeyo ikusemphana ndi gawo 78, ndipo palibe wosakwana zaka 18 amene angalowe m'banja, kaya la ku tchalitchi, la kwa majisitireti kapena la chikhalidwe. Lamulo latsopano la maukwati la mu 2022 linatsatira pomwepo. Anamkungwi athu amve bwino: kutha msinkhu kwa ku chinamwali si kutha msinkhu kwa lamulo.

Mnzanga anandikongola ndalama ndipo akundizemba. Ndikamumangitse?

Ngongole si upandu. Milandu ili mitundu iwiri. Ya upandu, monga kuba, chinyengo ndi kuvulaza, mwini wake ndi boma: apolisi amafufuza, a National Prosecuting Authority amazenga, inu mumangokhala mboni. Milandu yambiri yotereyi inasonkhanitsidwa m'buku limodzi limene linayamba kugwira ntchito mu 2006. Ya pakati pa anthu, monga ngongole ndi lendi, mwini wake ndinu. Mumatulutsa chisamani, mukapambana Messenger of Court ndiye amakagwira katundu. Gawo 49 likuletsa kutsekera munthu chifukwa chongolephera kukwaniritsa pangano. Zimasiyana ngati anakunamizani dala kuyambira pachiyambi, chifukwa chimenecho ndi chinyengo.

Mbale wanu akagwidwa, kumbukirani nambala 48. Gawo 50 likuti afikitsidwe ku khoti maola 48 asanathe, auzidwe chifukwa chomugwirira, aloledwe kulankhula ndi loya ndi abale, ndipo apatsidwe belo pokhapokha pali zifukwa zamphamvu zomukanizira.

Landilodi akhoza kunditulutsira katundu panja? Nanga khonsolo ikhoza kugwetsa nyumba yanga?

Popanda chigamulo cha khoti, ayi. Gawo 74 ndi lalifupi: munthu asatulutsidwe m'nyumba yake, ndipo nyumba yake isagwetsedwe, khoti lisanamve mbali zonse. Amene tinaona Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba ndi misika mu 2005, pamene nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inawerengera anthu pafupifupi 700,000 otaya pokhala kapena popezera chakudya, tikudziwa chimene ndimeyi inalembedwera. Sindikunamizani kuti zigandanga za khonsolo zimaima nthawi zonse zikamva gawo 74. Koma makhoti aperekapo ziletso, ndipo amene amathamangira ku High Court zisanafike amakhala pabwino kuposa wolira pa zibuma.

Chenjezo kwa amene mukugula malo kwa masabhuku (anyakwawa a kuno) ku Seke ndi ku Domboshava: malo a kumidzi ali m'manja mwa Pulezidenti pansi pa Communal Land Act, ndipo sabhuku alibe mphamvu yogulitsa. Kapepala kake kali ndi chidindo, inde. Mufunseni funso lija.

Malamulo a sosaite yathu, a mpingo kapena a kudambwe nawonso ndi malamulo?

Amamanga amene analowa mwa kufuna kwawo, ngati pangano. Sosaite ikakana kutulutsa bokosi kwa membala wolipira bwino, khoti likhoza kuwerenga malamulo a sosaiteyo n'kuikakamiza. Gule ali ndi chitetezo cha gawo 63 lonena za chikhalidwe. Koma chikwapu chikagwera munthu wodutsa ndi njira, umenewo ndi mlandu wa kumenya, ndipo chigoba sichiyankha kwa majisitireti, amayankha ndi amene wachivala.

Zonsezi ndi zokoma pa pepala. Nanga olamulira eni akeo akaphwanya malamulo?

Apa ndiye pagona nkhani, agogo, ndipo mbiri ya mayiko athu awiri ili ndi mayankho owawa ndi okoma omwe.

Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa Rhodesia mosavomerezedwa ndi Britain. Daniel Madzimbamuto anali m'ndende popanda mlandu, ndipo mkazi wake Stella anapita ku khoti kunena kuti boma lopanduka lilibe mphamvu yosunga mwamuna wake. Mu 1968 khoti la Privy Council ku London linagwirizana naye. Majaji ambiri a mu Salisbury (Harare wa lero) anakana kumvera, nati boma la Smith ndilo likulamuliradi. Jaji Fieldsend anatula pansi udindo, ndipo mu 1980 anabwerera kudzakhala mkulu wa majaji wa Zimbabwe. Madzimbamuto anapambana pa pepala koma anakhalabe m'ndende zaka zina.

Kumudzi, Kamuzu anapatsa makhoti a mafumu mphamvu yoweruza milandu ya imfa, kopanda maloya. Kumeneko ndiko Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zamalamulo, ndi mkazi wake Vera anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, Vera anatuluka mu 1993. Zonsezo zinali ndi lamulo lake lolembedwa bwinobwino. Ndiye makwerero okha sakwanira, chifukwa khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Pamafunika majaji osaopa amene anawalemba ntchito, chimene gawo 164 la kuno likulonjeza.

Koma Malawi yomweyo pa 3 Febuluwale 2020 inaona majaji asanu akufafaniza chisankho cha pulezidenti cha mu 2019, khoti la apilo n'kuvomereza mu Meyi, anthu n'kuvotanso pa 23 Juni, wolamulira n'kuchoka. Tinamvera chigamulocho pa mafoni tsiku lonse ku Highfield kuno, anzathu a Chishona akutifunsa kuti zatheka bwanji. Zinatheka chifukwa majaji anagamula, asilikali ndi maofesi n'kumvera. Chigamulo chimene palibe wochimvera ndi pepala chabe, ngati lija la Madzimbamuto.

Ndilibe ndalama za loya. Ndipite kuti?

Boma lili ndi Legal Aid Directorate, pansi pa unduna wa zachilungamo, yothandiza osauka. Palinso Legal Resources Foundation, Zimbabwe Lawyers for Human Rights pa nkhani za maufulu, ndi Musasa kwa amayi ozunzidwa. Pa nkhani ya ndalama zosamalira ana kapena chitetezo cha m'banja simufunika loya, kalaliki wa khoti la majisitireti ali ndi mafomu. Munthu akadzitcha loya, Law Society of Zimbabwe ikhoza kukuuzani ngati alidi m'kaundula, chifukwa pakhomo pa khoti pamayendayenda ambiri a jekete ndi chikwama amene sanaonepo kalasi ya malamulo.

Kulikonse kumene mupite adzakufunsani mapepala: setifiketi ya kubadwa, ya ukwati, ya imfa, kadi la nyumba la khonsolo, malisiti a lendi ndi madzi. Gogo wina wa ku Tafara anapulumutsa nyumba yake ndi malisiti a zaka makumi atatu amene ankasunga m'chitini cha tiyi pansi pa bedi, adzukulu akumuseka kuti akuweta mphemvu. Kuyambira pamenepo sosaite yathu inagula trunki, ndipo membala aliyense amasiyamo fotokope ya mapepala ake mu envulopu ya dzina lake. Makiyi ali awiri, wina kwa ine, wina kwa amayi asungichuma.